Zikomo nonse, mabuku a bambo abwerera pa shelefu

Abale ndi anansi, usiku wathawu ndagona m'nyumba ya malemu bambo kuno ku Zomba, koyamba chichokereni mu Marichi 2023 pomwe namondwe Freddy anasasula malata a chipinda chochezera. Ndadzuka ndi chiperoni pawindo koma m'kati muli mofunda, ndiye ndati ndisachedwe kuthokoza.

Achimwene a ku Johannesburg, malata onse aja ndi inu, ndipo simunafunseko kuti ndibweza liti. Alamu anga anapaka laimu ndi penti Loweruka lililonse mpaka nkhungu ya m'makoma itatheratu. Akalipentala a pamsika anakhoma siling'i, anakonzanso pamalo owothera moto pomwe panali patagumuka, kenaka mashelefu a paini otalikirana ndi khoma kuopa chiswe. Nzeru imeneyo ine ndinalibe.

Koma amene wandigwetsa misozi ndi mwana wa achemwali ndi anzake awiri. Tsiku lija ambiri ankathamangira mipando ndi wailesi, ena n'kumati mapepala onyowawo angotayidwa. Atsikanawa anatola mabuku m'madzi, anakana kuwayanika padzuwa poopa kuti apindika, n'kumalowetsa nyuzipepala pakati pa masamba, kusintha m'mawa ndi madzulo kwa milungu itatu. Chifukwa cha iwo, Mbiri ya Achewa ya a Samuel Ntara, yomwe bambo ankatiwerengera pa nyali ya koloboyi, ilipo, ngakhale chikuto chinathimbirira. Magazini a Nyasaland Journal, omwe anayamba kutuluka mu 1948, apulumuka pafupifupi onse. Bambo anawatolera limodzilimodzi ndi kamalipiro ka uphunzitsi, mayi akudandaula kuti m'nyumba mulibe sopo.

Ena anapita ndithu. Kabuku kofotokoza za kuukira kwa John Chilembwe mu 1915 kanamatirirana ngati chikondamoyo, ndipo timabuku ta nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland tinadyedwa ndi nkhungu. Agogo ena a kumpingo kwathu atamva izi anabwera ndi awo atatu m'jumbo, akuti kwawo palibe amene amawatsegula. Agogo, Mulungu akudalitseni.

Shelefu yapansi idakali ndi mpata. Amene muli ndi mabuku akale a mbiri omwe akungodyedwa ndi mphemvu m'sutikesi, ndiuzeni tigwirizane mtengo. Ofuna kuwerenga bwerani Juni uno, nkhuni ndawaza kale, koma buku silituluka pakhomo.