Masiku khumi m'khitchini ya sukulu yogonera komweko

Chaka changa chomaliza ku koleji ndinasankha kufufuza zomwe anthu ophikira ana asukulu amadziwa pa nkhani ya kadyedwe koyenera, komanso momwe amaphikira. Ndinasankha sukulu ya sekondale yogonera komweko, chifukwa mwana wa kumeneko amadya za mpoto umodzimodzi miyezi itatu yathunthu, alibe kothawira. Ndikulemba izi kuti amene akufuna kuchita kafukufuku wotere aone njira yomwe ndinadutsa.

Za makalata sindichulukitsa. Pamafunika chilolezo cha komiti yoona kuti kafukufuku sakuphwanya ufulu wa anthu, kalata ya ku koleji, kalata ya ku ofesi ya maphunziro, kenako mawu a mphunzitsi wamkulu. Zimenezi zinanditengera masabata angapo, choncho yambani msanga. Koma chilolezo chenicheni ndinachipeza kukhitchini. Tsiku loyamba nditalowa ndi faelo m'manja, aliyense anangoti zii. Mayi wina anayamba kupukuta tebulo lomwe linali loyera kale. Ankaganiza kuti ndine wa zaumoyo wochokera ku khonsolo, ndabwera kudzaona ziphaso zawo za kuchipatala. Ndinaika faelo pansi, ndinapempha mpeni, n'kukhala pa benchi kuthandiza kudula kabichi. Patapita nthawi mkulu wa ophika, bambo wa imvi zake, anati, "Mwanangu, kodi mwati mwadzatani kwenikweni?" Apo m'pamene ndinafotokoza kuti mayina awo salembedwa, kuti ndilibe mphamvu yochotsa munthu ntchito, komanso kuti wosafuna kuyankha akhoza kukana. Fomu yovomera ndinawawerengera mokweza m'Chichewa. Ena anasaina, ena anadinda chala.

Mafunso ndinawakonza potsatira buku la mu 2014 la FAO, bungwe loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse, lomwe limagawa kafukufuku wotere patatu: zomwe munthu akudziwa, momwe amaionera nkhaniyo, ndi zomwe amachita. Ndinawaika mu foni kudzera pa pulogalamu yosonkhanitsira mayankho ya KoboToolbox, yomwe imalola kulemba mayankho ngakhale popanda netiweki. Ndisanapite kusukuluko ndinawayesa kaye pa amayi ophika mu lesitilanti ina ya pamsika, ndipo zinandithandiza kwambiri. Funso loti "kodi mumaphika zakudya zopatsa thanzi?" aliyense ankangoti inde. Ndani angakane? Ndinalichotsa, m'malo mwake n'kuika loti "dzulo munaphika chiyani kuyambira m'mawa, ndipo munathiramo chiyani?"

Funso la magulu a zakudya linandiphunzitsa kanthu. Kuno ku Malawi timaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa monga nsima, mpunga, chinangwa ndi mbatata, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso, ndi zamafuta. Mkulu wa ophika uja anatchula atatu okha: zopatsa mphamvu, zokulitsa thupi, ndi zoteteza ku matenda. Pa foni yanga yankho limenelo likanagwera kwa osadziwa. Koma bamboyo sanalakwe, ndi momwe ankaphunzitsira kale, ndipo anatchula molondola zakudya za gulu lililonse. Usiku womwewo ndinawonjezera malo olembapo yankho la mtundu umenewu. Mukamakonza mafunso anu, siyani mpata wa mawu a munthuyo, osangoti "wakhoza" kapena "walephera".

Mafunso anatha m'masiku awiri, ndipo pa pepala ophikawo ankadziwa zambiri. Ankadziwa kuti mchere wambiri umayambitsa BP. Ankadziwa kuti masamba sayenera kupsa mpaka kusintha mtundu. Kusamba m'manja ndi sopo sindinachite kuwafunsa kawiri, popeza kolera ya mu 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inali idakali m'maganizo mwawo. Ndikanalekera pomwepo ndikanalemba kuti zonse zili bwino. Masiku asanu ndi atatu otsalawo ndinawathera poyang'ana mapoto, ndipo ndi gawo limeneli lomwe ndikufuna mulitengere mtima.

Ndinkafika 4 koloko m'mawa, moto wa phala ukungoyatsidwa. Ndinatenga sikelo yaing'ono, kope, ndi kabotolo koyezera ayodini mu mchere. Mukadonthezera madzi ake pa mchere, umasanduka wabuluu modera ngati muli ayodini. Mchere wa m'paketi yotsekedwa unasintha mtundu msanga. Wa m'beseni lomwe linkakhala losavundikira pafupi ndi moto unangosintha pang'ono. Chinyezi ndi kutentha zimachotsa ayodini, yemwe amateteza ku chithokomiro komanso amathandiza ubongo wa mwana. Chimodzimodzi mafuta ophikira: a m'sitolo amakhala othiridwa vitamini A, monganso shuga, koma chigubu chawo chinkakhala pawindo, dzuwa, lomwe limawononga vitaminiyu, likuchiwomba tsiku lonse.

Mchere ndinauyeza tsiku lililonse usanalowe mumpoto. Kuphatikiza ndiwo za masana ndi za madzulo unkafika makilogalamu awiri, ana odya ali pafupifupi 400. Mukagawa, mwana aliyense akudya magalamu 5. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 pa tsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndiye apa tafika kale pamalire tisanawerenge mchere womwe ana amabwera nawo m'timabotolo kuchokera ku hositelo.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi nyemba. Tsiku lachitatu ndinaona mayi wina akutsanulira soda mumpoto waukulu. Anandiyang'ana, nane ndinawayang'ana. Dzulo lake anali atandiuza okha kuti soda amapha mavitamini, ndipo ananena zoona, chifukwa soda amawononga vitamini B1 wa m'nyemba ndi vitamini C wa m'masamba. Ndinawafunsa mwaulemu kuti, "Mayi, nanga bwanji mukuthira?" Anandilozera mulu wa nkhuni. "Achemwali, nkhuni za sabata yonse ndi zimenezo. Nyemba izi n'zakalekale, zolimba ngati miyala, ndipo kusitolo amatipatsa 7 koloko m'mawa. Belu likalira 12 koloko ana akapeza zosapsa, amene atukwanidwe ndine." Ndinasowa chonena. Mayiwa sankasowa maphunziro. Ankasowa nyemba zotulutsidwa dzulo lake kuti azinyike m'madzi usiku, ndipo kiyi wa kusitolo sanali m'manja mwawo.

Kabichi nayenso anali ndi nkhani yake. Ankadulidwa m'mawa kwambiri, n'kumizidwa m'madzi m'mabafa, kenako n'kuwiritsidwa nthawi yaitali, madzi ake n'kutayidwa. Chifukwa chake chinali chakuti mpoto wa ndiwo zamasamba ndi womwewo wophikira phala, ndiye amayenera kudikirana. Zipatso pa ndandanda wa zakudya panalibe, ngakhale kuti inali nyengo ya mango ndipo pamsika wapafupi ankagulitsa motchipa. Nsima inali ya ufa woyera. Ophika onse ankadziwa kuti mgaiwa ndi umene uli ndi chakudya chokwanira, koma anati anaukana ana omwe.

Chifukwa cha zimenezi ndinapempha kuwonjezera anthu awiri pa ofunsidwa: wosunga katundu kusitolo ndi mphunzitsi woyang'anira za chakudya cha ana ogonera. Aphunzitsi anga ku koleji anavomera nditawaimbira foni. Awiriwa ndi amene amasankha chogula, kuchuluka kwake ndi nthawi yochitulutsa, pomwe poyamba sindinawaganizireko n'komwe. Ndinapemphanso kuona matumba a chimanga ndi nyemba, kuyang'ana anankafumbwe ndi chuku, popeza chuku cha m'chimanga ndi mtedza chimatulutsa poizoni wowononga chiwindi. Matumba anali pa mathabwa, osagunda pansi kapena khoma, ndipo ndinawayamikira pa chimenecho.

Polemba lipoti ndinaika zomwe ananena ndi zomwe ndinaona moyandikana, funso lililonse ndi mzere wake, kenako mzere wachitatu wa chifukwa chomwe anapereka. Ndisanakapereke ku koleji ndinabwerera kusukulu kuja. Tinakhala pansi pa mtengo kuseri kwa khitchini, ophika, wa kusitolo ndi mphunzitsi uja, ndipo ndinawawerengera zonse m'Chichewa kuti anditsutse pomwe ndalakwitsa. Anandikonza pa nthawi yomwe amadulira kabichi. Pa za zipatso mphunzitsi anati ndalama za fizi sizikukwana, ndipo sindinalimbane naye.

Tinagwirizana zinthu zitatu zosafuna ndalama: mchere uzikhala m'ndowa yovundikira, chigubu cha mafuta chichoke pawindo, ndipo nyemba zizituluka madzulo. Ndinagona komweko kuti ndione. Wa kusitolo anatsegula 5 koloko madzulo, tinasankha nyembazo, kuzitsuka, n'kuzinyika m'mapoto awiri. M'mawa mwake zinali zitafufuma. Cha m'ma 11 koloko mayi aja anatapako pang'ono ndi chipande, anafinya imodzi ndi zala, inaphwanyika, ndipo paketi ya soda inali idakali pa shelefu yosatsegula.