Maholo athu si a maukwati okha

Anthu a kuno ku Zomba, tisamangonyadira phiri ndi mastiroberi a Ku Chawe. Likulu lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, koma zisudzo sizidakwere nawo lole ayi. Koleji ya Chanco idafika kuno mu 1973, ndipo Travelling Theatre, gulu la zisudzo la pakolejipo, inkanyamuka pompano kukasewera m'midzi, pabwalo la fumbi, popanda siteji kapena maikolofoni, azimayi atayala zitenje pansi, ana ali m'mitengo.

Great Hall, holo yaikulu ya ku Chanco, ilipo, Gymkhana Club ya nthawi ya atsamunda ija ilipobe. Nanga bwanji ambirife holo timailowa pokhapokha kukakhala perekaniperekani? Sewero likalengezedwa tizigula matikiti abale, osati kudikira msuweni wapakhomo atilowetse ulere. Juzi musaiwale, usiku wa mu Juni kuno sucheza.