Amalinyero akale pa bwalo la sukulu yathu

Ndimaphunzitsa jogalafe ku sekondale ina kuno ku Blantyre, koma tchuthi cha Ogasiti chikafika ndimakhala mlembi, wogula nyemba komanso wosunga makiyi wa kalabu ya ana ophunzira za pamadzi. Ophunzitsa enieni ndi abambo atatu opuma pantchito amene amabwera mongodzipereka, osalandira ngakhale tambala. Pali a Sajeni, omwe anagwira usilikali ku Cobbe Barracks ku Zomba. Pali msilikali wa pamadzi yemwe anathera zaka zake ku Monkey Bay, ana amangoti a Marine. Wachitatu ndi agogo a Ilala, amene anamerera imvi m'chipinda cha injini cha sitimayo.

Kale anthu ankandifunsa kuti kodi ku Blantyre kuno nyanja ili pati. Chiwombereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene madzi, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, ofunsa anachepa. Anthu oposa 1,000 anataya miyoyo m'chigawo chakummwera. Ena mwa ana 32 amene tinali nawo sabata yathayi anaika maliro a abale awo nthawi imeneyo.

Lolemba tinayamba ndi perete 7 koloko m'mawa, kachiperoni kotsalira kakulasa m'mafupa. Zoguba sizitenga nthawi. Chimene a Sajeni amalimbikira ndi kuwerenga anthu. Mwana aliyense amapatsidwa mnzake woti azimuyang'anira sabata yonse, ndipo nthawi ina iliyonse, ngakhale pakati pa kudya, wezulo ikhoza kulira n'kumva, "Mnzako ali kuti?" Mnyamata wina wa Fomu 3 anayankha kuti, "Mwina wapita kuseri, bwana." A Sajeni sanakalipe. Anangoimitsa gulu lonse, mbale zili m'manja, mpaka mnyamatayo atathamanga kukamupeza mnzakeyo n'kubwera naye. Nsima inazizira ndithu, koma sabata yonse palibe anayankhanso mongoganizira.

Lachiwiri ndi limene landikhala mumtima. A Marine anabwera ndi zingwe zawozawo m'thumba la feteleza. Manja awo ndi okhakhala, ndipo chala chamkombaphala chakumanja chinapindika, akuti chinapanidwa ndi chingwe cha boti pa doko ali mnyamata. Ndi manja omwewo anaphunzitsa mfundo yotchedwa bowline. Anayamba ndi kumanga mfundo imene tonse timaidziwa, ija timamangira mbuzi, n'kuikoleka pa mkono wa mnyamata wina. Atakoka pang'ono, mnyamatayo anakuwa. Mfundo imeneyo imathina ukamakoka, moti ikhoza kumubanika munthu amene ukufuna kumupulumutsa. Bowline ukaikoleka m'khwapa, sithina komanso simasuka, ndipo ngakhale yanyamula katundu wolemera, ukamaliza imamasulika mosavuta. Ana anaimanga akuyang'ana, kenako atatsinzina, kenako ndi dzanja limodzi, chifukwa dzanja linalo pa nthawi ya ngozi limakhala litagwira mtengo kapena mwana.

Pali mtsikana wina wa ku Chilobwe, wa Fomu 2, amene m'kalasi mwanga salankhulalankhula. Iyeyo ndiye anayamba kuimanga manja ali kumbuyo. Anzake akupuma, anapita pamene anakhala a Marine, n'kugwada, n'kufunsa motsitsa mawu: "Agogo, chingwechi chingamuzule munthu amene wamira m'matope mpaka m'chiuno?" Ndinali pafupi, mtima wanga unagunda, chifukwa ndikudziwa chimene chinachitika kwawo. Munthu wina akanangomuuza kuti inde mwanawe, pofuna kumutonthoza. A Marine anamuuza zoona. Anati matope amagwira miyendo, ukakoka mwamphamvu umamuvulaza munthu. Chingwe ntchito yake ndi kumugwira kuti asapitirire kumira, pamene ena akuyala matabwa kapena chitseko pamwamba pa matope, n'kumakumba mozungulira miyendo pang'onopang'ono. Anawonjezera kuti pamafunika anthu angapo, mwana mmodzi payekha usiku sangathe, ndipo palibe angamuimbe mlandu. Mtsikanayo anagwedeza mutu, n'kutenga chingwe kukapitiriza. Ine zaka zonsezi ndikuphunzitsa za kugumuka kwa nthaka pa bolodi, yankho limenelo ndinalibe.

Lachitatu kunabwera bambo wina, kholo, nkhope ili gwa. "Aphunzitsi, mundiuze zoona. Zogubagubazi si za chipani izi? Ifetu tinawaona apayoniya." Funso limeneli sindilipeputsa, chifukwa dziko lino linaonapo achinyamata akugwiritsidwa ntchito yoopseza makolo awo omwe. A Sajeni anawakokera mpando. "Achimwene, khalani pansi. Mu Disembala 1993 ine ndinali m'gulu la asilikali amene analanda zida apayoniya pa Operation Bwezani. Ndikudziwa kumene kumathera kuphunzitsa mwana kumvera osaganiza. Pano mfuti palibe, ngakhale yamtengo. Pali chingwe, chigubu ndi machira, basi." Bambo aja anakhala mpaka masana, akuonerera ana akupanga machira ndi mitengo iwiri ndi matumba, ndipo pochoka anasiya ndalama ya shuga.

Lachinayi linayamba moipa. Malo ena amene anatilonjeza dziwe losambiramo anasintha mawu m'mawa womwewo, ati kwabwera alendo. Ndinathera mayunitsi pa foni mpaka sukulu ina inatimvera chisoni n'kutipatsa mpata masana. Madzi anali ozizira kwambiri, ana mano ali gwagwagwa. Ambiri sadziwa kusambira, ndipo odziwawo anaphunzirira mu Mudi kapena m'maenje oumbiramo njerwa, komwe kumatidyera ana chaka ndi chaka. Lamulo loyamba la a Marine ana analidabwa: wopulumutsa asadumphire m'madzi. Kuwa kuti anthu abwere, tambasula ndodo kapena chitenje uli chigonere pamtunda, ngati ali patali ponya choyandama. Womira sakuwa ngati mmene timaganizira, pakamwa pake pamakhala pakulimbana ndi mpweya, ndipo ukamuyandikira amakukakamira mpaka mumire nonse. Choyandamacho si chinthu chogula kunja ayi. Chigubu cha malita 20 chopanda kanthu, chotsekedwa bwino, chimamusunga munthu wamkulu mutu uli pamwamba, ndipo ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Mbayani nyumba yopanda chigubu ndi yosowa. Anamangirira chingwe pa chogwirira ndi mfundo ya Lachiwiri ija, n'kumaponyerana. Pomaliza anayeserera pa pilo kutsitsimutsa munthu wovuulidwa: kukanikiza pachifuwa maulendo 30, kumupumira mkamwa kawiri, n'kubwereza. Zomutembenuza chadodolido kapena kumuponda pamimba kuti asanze madzi, a Marine analetseratu.

Lachisanu linali la agogo a Ilala. Anajambula nyanja yonse pa bolodi langa osayang'ana buku, kuyambira ku Monkey Bay, Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya, Ruarwe mpaka ku Chilumba. Anafotokoza kuti sitimayo inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera ili zidutswazidutswa kudzera ku Beira, n'kuyamba kuyenda mu 1951. M'madoko ambiri simafika kumtunda, imaponya nangula pakati, ndipo anthu, matumba a chimanga, njinga ndi nkhuku zimatsikira m'maboti ang'onoang'ono, nthawi zina usiku, mwera ukuwomba. Apo ndi pamene mmalinyero amadziwika, akutero iwo, chifukwa aliyense amafuna kukwera nthawi imodzi, ndipo pafunika wina wolimba mtima woti anene kuti boti ladzaza. Anakumbutsa ana za sitima ya Vipya, imene inagubuduzika ndi mafunde kumpoto kwa nyanjayi pa 30 Julayi 1946, anthu 145 n'kufa. Anawaphunzitsanso nyali za usiku, yofiira kumanzere kwa sitima, yobiriwira kumanja, kuti ukaziona zonse ziwiri udziwe kuti ikubwera molunjika pamene uli. Anyamata atafunsa za ntchito, sanawanamize. Anati ku koleji ya za pamadzi ku Monkey Bay, kaya ku usilikali, salowa ndi mfundo za chingwe, amafuna MSCE yabwino, makamaka masamu ndi sayansi. Mawu amenewa ine ndimawanena tsiku ndi tsiku, koma atatuluka mkamwa mwa agogo ndinaona ana akulemba.

Tsiku lomwelo ndinadziwa chinthu chimene chikundiwawabe. Ndinawaona agogowa akufika nsapato zili mbuu ndi fumbi, ndipo nditawafunsa mwaulemu anavomera kuti sabata yonse akhala akuyenda wapansi kuchokera ku Ndirande, chifukwa ndalama yawo yapenshoni inachedwa ndipo ya minibasi analibe. Sanauze munthu. Asilikali akale timawakumbuka mu Novembala, titavala kaduwa kofiira pachifuwa, nkhata zikuikidwa pa chipilala cha ku Zomba. Ndi bwino kutero. Koma amalinyero a m'sitima zathu alibe ngakhale tsiku lotero, ndipo onsewa miyezi ina yonseyi amakhala pakhonde, nzeru zopulumutsa moyo zili m'mutu, popanda wowaitana. Amene abwera okha kudzathandiza ana athu sayenera kulipira ndi miyendo yawo. Madzulo ake ndinakaonana ndi a komiti ya makolo, ndipo tinagwirizana kuti kuyambira tsopano thiransipoti ya atatuwa izichokera m'thumba la kalabu, izipatsidwa Lolemba m'mawa, asanapemphe.

Loweruka makolo anabwera kudzaona zimene ana aphunzira, ndipo mtsikana wa ku Chilobwe uja ndi amene anatsogolera gulu la machira. Titamaliza, a Sajeni anawerenga ana, kenako zingwe, n'kupeza kuti chimodzi chasowa. Palibe anachoka mpaka chitapezeka kuseri kwa kitchini. Panopa ndikulemba makalata opempha thandizo la basi, chifukwa ambiri mwa anawa nyanja amangoionera pa mapu. A Marine akuti ali ndi anzawo amene angatilandire ku Monkey Bay pa tchuthi chikubwerachi, ndipo agogo akuumirira kuti tikafike Lachinayi madzulo, popeza Lachisanu m'mawa ndi pamene Ilala yakhala ikunyamuka kulowera kumpoto.