Lipoti la ulendo wathu wokaona akavalo ku Tsangano

Amene munatsala kunyumba mwakhala mukufunsa kuti tinakaona chiyani ku Tsangano, ndiye komiti yandipempha kuti ndilembe. Tinapita ife a gulu la eni ngolo ndi oweta ziweto a kuno ku Dómue, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, pamodzi ndi alangizi athu a ziweto, m'nyengo yozizira titatha kukolola. Pa pulogalamu panalembedwa zinthu ziwiri: kasungidwe ka udzu wouma wodyetsa ziweto m'chilimwe, ndi kasambitsidwe ka ng'ombe pothana ndi nkhupakupa. Zonsezo tinaonadi. Koma nkhani imene inatitengera tsiku lonse, mpaka kutsutsana m'galimoto pobwerera, inali ya lilime la kavalo.

Za msewu sindinena zambiri. Tinadzera pa Ulongwe, kutsata tala, kenako kukhotera mumsewu wafumbi wokwera mapiri. Tsangano ndi kozizira kuposa kwathu, ndipo minda ya mbatatesi ili ponseponse, ina ya tirigu. Amene anangovala malaya okha anazimva.

Famu imene tinafikira ili ndi ng'ombe zambiri ndi akavalo owerengeka oyendera pozungulira ziwetozo. Ambiri a ife kavalo tinkangomuona pa kanema. Alangizi anatifotokozera chifukwa chake nyama imeneyi ndi yosowa m'chigawo cha Tete. Kumunsi kotentha, cha ku chigwa cha Zambezi, kashembe amapatsa ziweto matenda oondetsa. Palinso mliri wa akavalo wofala ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, toluma madzulo ndi m'mbandakucha makamaka nthawi ya dzinja, umene ukalowa pakati pa akavalo osabayidwa katemera ungaphe 9 mwa 10 alionse. Bulu amaupirira mliriwu, n'chifukwa chake ife tili ndi abulu. Pafamupo akavalo amalowa m'khola dzuwa lisanalowe, ndipo katemera wawo amachokera ku South Africa.

Mnyamata wina wapafamupo anakwera kavalo wamkazi wofiirira kuti ationetse m'mene amakusira ng'ombe. Atangokoka zingwe, kavaloyo anatulutsa lilime chakumbali, likulendewera, dovu lili chuchuchu. Tinafa nalo phwete. Wina anati akutinyogodola alendo, wina anati watopa ndipo akupuma wefuwefu ngati galu. Mkulu wosamalira akavalo, bambo wachikulire amene anagwirapo ntchito imeneyi kunja kwa dziko, sanaseke nafe. Anauza mnyamatayo kuti atsike.

"Abambo ndi amayi, kavalo sapuma ndi pakamwa," anatero. "Mpweya wake wonse umadzera m'mphuno. Mukaona lilime panja atamangidwa chitsulo cham'kamwa chomangirako zingwe, dziwani kuti m'kamwamo muli chimene akuchithawa."

Kenako anatiitana kuti tisendere pafupi, awiriawiri. Anagwira mlomo wa kavaloyo n'kulowetsa chala cham'mbali, ife mitima ili m'mwamba kuti alumidwa. Sanalumidwe, chifukwa pakati pa mano akutsogolo ndi mano otafunira pali mpata wopanda dzino, nkhama zokhazokha. Chitsulo cham'kamwa chimakhala pamenepo, chitagona pamwamba pa lilime. Ineyo ndinalowetsa chala. Khungu la pamenepo ndi lopyapyala, fupa limamveka pansi pomwepo, ndipo lilime ndi lalikulu moti limadzaza m'kamwa monse. Malo a chitsulo palibe kwenikweni. Kuti chikhalepo, lilime liyenera kupanikizika. Wokwera akakoka zingwe, mphamvu yonse imatsikira palilime ndi pankhama zija. Kavalo amene zamupweteka amabweza lilime kukhosi, kapena amalidumphitsa pamwamba pa chitsulo, kapena amalitulutsira kumbali monga tinaonera.

Mkuluyo anavula chitsulocho n'kutipatsa kuti tizipatsirana. Chinali chokhala ndi mfundo imodzi pakati, yopindika. Anatiuza kuti tichiike padzanja wina akoke mphete zake ziwiri. Chimapinda n'kufinya dzanja mbali zonse, mfundo ija n'kutukuka m'mwamba, ndipo m'kamwa mwa kavalo imakagunda kumwamba. Anatinso anthu ambiri amaganiza kuti chitsulo chonenepa ndiye chachifundo, koma kwa kavalo wa m'kamwa mochepa ngati ameneyu chimangowonjezera kuthina. Akavalo ambiri amavala cha masentimita 12 kapena 13 m'litali. Chikatalika chimasereraserera, chikafupika chimatsina milomo, chikamangidwa motsika chimagogoda mano ndipo lilime limachidumpha mosavuta.

Chimene chinandidabwitsa ine kwambiri ndi mano. Mano otafunira a kavalo amatulukabe pafupifupi moyo wake wonse, mamilimita 2 kapena 3 pachaka, n'kumaperepeseka potafuna. Koma nsagwada yam'mwamba ndi yotambalala kuposa yam'munsi, ndiye saperepeseka mofanana. Am'mwamba amasongoka mbali ya kutsaya, am'munsi mbali ya kulilime. Alangizi athu anawalitsa tochi ya foni, mkuluyo atakokera lilime pambali, ndipo tinaona kachilonda kofiira m'mphepete mwa lilime, pomwe dzino limakhula. Mankhwala ake ndi tupa yaitali yopalira nsongazo, kamodzi pachaka, ndipo ndi ntchito ya munthu wophunzira, chifukwa ukapala mopitirira umaononga dzino. Akavalo ena amakhalanso ndi kadzino kakang'ono kutsogolo kwa otafunira, pomwe chitsulo chimagunda, kamene madokotala a ziweto amakazula.

Apa m'pamene agogo athu ena, amene ayendetsa ngolo kuyambira ambirife tisanabadwe, anafunsa funso limene tonse tinali nalo.

"Nanga bambo, bwanji osangomanga pakamwapo ndi lamba kuti lilime lisamatuluke?"

"Agogo, anthu amaterodi," anayankha mkuluyo. "Lilime limabisika, koma ululu umatsala momwemo."

Anationetsa lamba wapamphuno, n'kunena kuti akamangidwa bwino, zala ziwiri ziyenera kulowa pakati pa lambayo ndi fupa la mphuno. Anatiuzanso kuti nkhaniyi ikuvutitsa ngakhale eni akavalo odula a ku Ulaya. Pa mipikisano ina yoyendetsa akavalo mwaluso, oweruza amachotsa mapointi kavalo akatulutsa lilime, ndiye okwera ena amathinitsa lamba kuti zisaoneke. Pa mipikisano yothamanga, m'maiko ena amamangirira lilime kunsagwada ndi kansalu kapena mphira. Bungwe loyang'anira masewera a akavalo padziko lonse la FEI linaletsa kumanga lilime pamipikisano yake, ndipo mu 2025 linayamba kuyeza kuthina kwa lamba wapamphuno ndi kachipangizo kake. Pa masewera a Olimpiki a ku Paris mu 2024 kunatuluka zithunzi za akavalo amene malilime awo anachita kubiriwira chifukwa chopanikizika ndi chitsulo. Ine ndinaona kuti n'zochititsa manyazi kuti anthu a ndalama zoterozo afike pochita kuwaikira lamulo.

Atatha kufotokoza, anamuveka kavalo uja chapamutu chopanda chitsulo, chowongolera pamphuno, n'kukwera yekha. Zingwe zinali zolendewera pang'ono, akumukhotetsa ndi miyendo ndi kakhalidwe ka thupi pachishalo. Pakamwa panali potseka. Pofuna kuima ankakoka pang'ono, kavalo akangomvera iye n'kumasula nthawi yomweyo. Anati pamenepa m'pamene anyamata ambiri amalakwitsa: amagwiritsa zingwe ngati pogwirira kuti asagwe, ndiye nyama imakokedwa kosalekeza osadziwa chimene ikufunsidwa. Sananamize kuti vutoli latha. Kavalo amene wazolowera kutulutsa lilime nthawi yaitali angapitirizebe ngakhale mano apalidwe ndi chitsulo chisinthidwe, ndipo nthawi zina gwero limakhala kwina, monga msana wopweteka ndi chishalo chosakwana. Wofiirirayu anamugula ali kale ndi khalidweli.

Mwina mukufunsa kuti ife opanda akavalo zikutikhudza bwanji. Amayi ena a m'gulu lathu ndiwo anatulutsa mawu pa chakudya chamasana. Anati, "Achimwene, tikuseka kavalo wa eni, nanga abulu athu aja timawamanga waya m'kamwa?" Panakhala kachetechete. Tonse tikudziwa ngolo zimene zimatsika ndi matumba a chimanga ndi mbatatesi kupita kumsika wa pa Ulongwe, abulu atamangidwa waya kapena chingwe cha nayiloni m'kamwa, m'mbali mwa milomo muli zilonda zoti ntchentche sizichoka. Alangizi anatsimikiza kuti m'kamwa mwa bulu munapangidwa chimodzimodzi ndi mwa kavalo, mano ake amasongokanso, ndipo bulu wokalamba amene akulavula udzu wotafunatafuna n'kumaonda nthawi zambiri vuto lake ndi mano. Kusiyana kwake n'kwakuti bulu saonetsa ululu msanga. Amangoima duu, ife n'kumati ndi wamakani, chikoti n'kugwira ntchito. Anatikumbutsanso za goli: linapangidwira ng'ombe, imene ili ndi khosi lolimba ndi linunda, pamene bulu amakoka ndi chifuwa ndipo amafunika lamba wotambalala wodutsa pachifuwa.

Si onse anagwirizana nazo. Bambo wina amene amanyamula njerwa anati bulu wopanda kanthu m'kamwa sangamuimitse pamtsetse ngolo itadzaza. Mkulu wa akavalo anamuyankha kuti ngolo yolemera imaimitsidwa ndi buleki ndi lamba wakumbuyo wodutsa m'matako mwa nyama, kuti ngolo isamaigunde miyendo, ndipo kukoka pakamwa sikungaletse katundu kutsetsereka. Bamboyo sanakhutire, ndipo mtsutsowu unapitirira mpaka tinafika kwathu usiku. Ine ndili mbali ya mkuluyo, ngakhale ndikuvomereza kuti ngolo zathu zambiri zilibe buleki yodalirika, ndipo kukonza zimenezo kumafuna ndalama.

Za udzu wouma, mwachidule: amaumweta usanakhwimitse, kuuyanika masiku ochepa, n'kuupanikiza m'bokosi lamatabwa kuti utuluke mitolo yomangika bwino, yosungidwa pathandala pansi pa denga. Bokosilo mmisiri aliyense wa matabwa angakhome, ndipo miyeso yake ili ndi mlembi wathu.

Tinagwirizana kuti pamsonkhano wa mwezi wamawa aliyense abwere ndi abulu ake kuti alangizi adzawaone m'kamwa. Tabwerako ndi chapamutu chimodzi chopanda chitsulo chimene mkulu uja anatibwereka, ndipo atelala awiri a m'gulu lathu ayesa kusoka zofanana nacho pogwiritsa ntchito malamba akale a galimoto. Nkhani ya amene adzalipire ulusi ndi mphete zake sinathe. Akuti tidzaikambirana tsiku lomwelo, ndiye amene simunapereke chopereka cha mwezi uno mudzabwere nacho.