Mmene ndinayendera nyumba yopanda madzi ndi magetsi ndisanaigule

Nyumbayo ili ku Machinjiri mu Blantyre, ya zipinda zogona zitatu. Alendi omaliza atatuluka inakhala miyezi yambiri yopanda munthu, mpaka madzi ndi magetsi zinadulidwa. Tsiku loyamba tinapitako ndi mayi akunyumba, tinakopeka ndi penti yatsopano ndi matailosi, tinabwerako tikumwetulira. Usiku ndili chigonere mpamene ndinakumbuka kuti sitinatsegule mpopi ngakhale umodzi, sitinayatse babu lililonse. Ndiye tinaona chiyani kwenikweni?

Ndinapemphanso makiyi kwa eni ake. Ulendo uno ndinatenga pulambala, mmisiri wa magetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA (bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta m'dziko muno), makwerero, tochi, ndi zigubu zinayi za malita 20 zomwe tinatunga kwa aneba.

Tinayamba ndi madzi otuluka. Pulambala anavundukula chivundikiro cha manhole, dzenje loonera mapaipi a madzi oipa, kuseri kwa nyumba n'kukuwa kuti, "Bambo, khuthulani chigubu chonse m'chimbudzimo, ine ndikuyang'ana kuno." Madzi anafika msanga. Titathira ku bafa anachedwa, kenaka anatuluka pang'onopang'ono atasakanikirana ndi dothi ndi timizu toyera. Pafupi pomwepo pali mtengo wa mango, ndipo mizu yake inali italowa m'paipi yosweka. Mapaipi obweretsa madzi anawayesa ndi kapampu ka pamanja kokhala ndi geji. Anatseka mipopi yonse, anapopa madzi, tinakhala pansi kudikira. Muvi wa geji unayamba kutsika, ndipo posakhalitsa khoma la kuseri kwa sinki ya kukhitchini linaonetsa chinyezi. Penti yatsopano ija inali itaphimba malo amenewa.

Chimene ndimalimbikitsa aliyense ndicho kukwera m'siling'i, ndipo akwere masana dzuwa lili paliwombo. Mmisiri wa magetsi anandiuza kuti ndizimitse tochi. Mumdimamo timabowo ta m'malata tinawala ngati nyenyezi, ndinawerenga tisanu ndi tiwiri, tambiri pa misomali. M'miyezi ya dzuwa n'kovuta kudziwa mwa njira ina kuti denga limadontha, mungadikire mpaka mvula ya Disembala. Titayatsanso tochi ndinayamba kugogoda matabwa a denga ndi sikuludiraiva. Ambiri analira bwino, koma awiri a pakona ankamveka ngati ng'oma, ndipo nditabaya chitsulo chinangolowa. Chiswe chinali chitadya mkati n'kusiya khungu lokha.

Mawaya opita kuchipinda chachikulu sitinawapeze. Anadulidwa ndi ofuna kopa, ngakhale masoketi pakhoma ankaoneka abwinobwino. Otsalawo mmisiri anawayesa ndi makina otchedwa megger, omwe amagwira ntchito ngakhale m'nyumba mulibe magetsi, ndipo anapezeka kuti ali bwino. Giza yokha ndiyo sitinathe kuiyesa ngati imatenthetsa, choncho ndinaiwerengera ngati yakufa.

Tisanatseke chitseko ndinajambula pa foni nambala za mamita onse awiri. Mawa lake ndinapita ndi eni nyumba ku ESCOM ndi ku Blantyre Water Board kukafunsa ngati pali ngongole komanso zofunika kuti alumikizenso. Ku magetsi kunalibe kanthu, koma ku madzi alendi aja anasiya bilu yosalipira. Ndinadutsanso ku khonsolo ya mzinda kukaona za msonkho wa nyumba, ndi ku ofesi ya za malo kukatsimikiza kuti dzina la pa chikalata ndi la munthu amene akundigulitsayo, komanso kuti nyumbayo sinaikidwe chikole kubanki.

Amisiri awiri aja anandilembera mitengo yokonzera zonse. Ndinatenga mapepalawo pamodzi ndi zithunzi n'kukhala pansi ndi eni nyumba, bambo wachikulire amene zambiri mwa izi sankazidziwa n'komwe. Ataona chithunzi cha thabwa lodyedwa lija anapukusa mutu. Tinagwirizana kuti bilu ya madzi alipire okha tisanasainirane, ndalama zokonzera zichotsedwe pa mtengo wa nyumba, ndipo loya analemba zonsezi m'pangano lathu.