Chitunda cha ku Lincoln ndi agogo osunga makiyi

Amene mukufuna kukaona Lincoln, mzinda wa ku England, nsapato zazitali zidendene siyani kunyumba chonde. Kuchokera ku Nottingham sitima ndi ola limodzi chabe, koma mavuto ali pa Steep Hill, kamsewu ka miyala kokwera kupita ku linga la mafumu, mvula ikangowaza pamaterera koopsa. Ine ndinali nditangoweruka shifiti ya usiku kosamalira okalamba, pakati pa chitunda miyendo inakaniratu. Agogo ena achizungu anandikodola pa benchi, kunditsanulira tiyi wa mu fulasiki yawo ndi bisiketi ziwiri, osandidziwa n'komwe. Nditawauza kuti chandibweretsa ndi manovelo a akazi a kumpanda a makedzana omwe ndimawerenga odwala akagona, anaseka nkuti, mwanawe, mabuku akowo amangokonda atsikana okongola ofunafuna mwamuna, kuno tili ndi Nicola de la Haye.

Tiyi mpaka anazizira akundifotokozera. Mayiyu linga la Lincoln analandira ngati cholowa kwa bambo ake. Mu 1191 mwamuna wake Gerard de Camville ali kwina, asilikali analizinga masiku 40, iye osatsegula chipata. Mu 1216, ali wamasiye, anatenga makiyi kukapereka kwa mfumu John nkumati ndakalamba ine, mfumu inamubwezera, kenako kumuika kukhala sheriff, woimira mfumu, wa chigawo chonse cha Lincolnshire, udindo wa amuna okhaokha nthawi imeneyo. John atamwalira, mafumu oukira ndi asilikali a Louis wa ku France analanda tawuni, Nicola ali mkati mwa linga kulisungira mfumu yatsopano, kamwana ka zaka 9, Henry III, mpaka William Marshal, mtsogoleri wa asilikali a mfumu, anafika kudzamupulumutsa pa 20 Meyi 1217.

Ndiye chimene chinandipweteka, patangopita masiku anayi udindo uja anamulanda nkupatsa William Longespée wa ku Salisbury, yemwe anatenganso linga! Mayi anachita kukadandaula kwa akuluakulu kuti linga lake libwerere. Komanso John yemweyo ndi amene anapha ndi njala mayi wina wolemekezeka, Maud de Braose, mu 1210, ndiye ndikuyenda pamwamba pa khoma ndinkadzifunsa, Nicola ankakhulupirikira John kapena makiyi a bambo ake? Ine ndikuti makiyi. Akanakhala m'novelo akanamupangira chibwenzi chobisika, pomwe nkhani yake ndi ya gogo wokana kusuntha pa malo ake, ndipo ndi imene ndikufuna wina alembe bwinobwino.

Kulowa pabwalo la linga sindinalipire, tikiti ndi ya pakhoma ndi chipinda cha Magna Carta ya 1215, kalata ya pangano yochepetsa mphamvu za mfumu John, koma funsani kaye ngati ilipo chifukwa nthawi zina amaichotsa. Chakudya nyamulani chanu, kasangweji kozizira kumtunda kuja anandidula mapaundi 6, kopanda ndi mchere womwe.