Nsanja ya kumbuyo kwa boti itayamba kutsika yokha

Madzulo ndinkaisiya ili m'mwamba bwinobwino, koma kukacha ndinkaipeza itapendekera kumanzere, ngodya imodzi ikunyambita madzi. Ndikunena nsanja ija ya kumbuyo kwa boti, imene imatsika ndi kukwera ndi mphamvu ya oyilo kuti osambira asavutike pokwera, yomwenso timakhazikapo kaboti kakang'ono. Yanga yatha zaka zoposa 15 m'madzi amchere, ndiye sindinadabwe kwenikweni.

Maganizo anathamangira ku pampu, chifukwa mota yake inali itayamba kubuula ngati yatopa. Ndinatsala pang'ono kuitanitsa yatsopano. Chinandibweza ndi funso limodzi: usiku pampu imakhala itazima, nanga ingatsitse bwanji nsanja? Pampu ikazima, zogwira katundu ndi mavalavu otsekera oyilo, ma seal (timphira totchinga oyilo) a m'kati mwa masilinda okankha nsanjayo, ndi maloko achitsulo amene amakola nsanja ikafika pamwamba. Vuto linayenera kukhala pa zimenezi, ndipo kubuula kwa mota inali nkhani ina payokha.

Ndinayamba ndi ya motayo poti inali yapafupi. Batire ili phee inkaonetsa 12.6V, kutanthauza kuti ndi yodzaza. Koma nditayeza pa mota penipeni, mnzanga akudina batani, mita inagwa kufika pansi pa 10V. Magetsi ankatayika panjira. Nditatsata waya wa negative ndinapeza kumutu kwake kutachita zobiriwira, tinsinga ta m'kati tikungoyoyoka. Ndinadula mpaka pamene kopa anaoneka wowala, n'kuikapo mutu watsopano wotsekedwa bwino kuti chinyontho chisalowe. Mota inasiya kubuula nthawi yomweyo. Kukacha, nsanja inali itapendekerabe.

Kenako ndinatsegula thanki ya oyilo. M'malo mooneka mbee, oyiloyo anali wotuwa ngati wathiridwa mkaka. Apa mtima unagunda, chifukwa oyilo wotere ndiye kuti madzi alowa, ndipo thanki ili m'kati mwa boti mouma. Khomo lake likanakhala kuti? Masilinda okha ndi mapaipi ake ndiwo amakhala m'madzi.

Panalibe kuchitira mwina, boti anayenera kutuluka pamtunda. Musanagwire sipanala, chirikizani nsanja ndi zitsulo kapena mitengo yolimba pansi pake, muimangenso ndi malamba, chifukwa mukangomasula paipi imodzi palibenso choigwira. Oyilo wotsalira m'mapaipi amakhala akadali ndi mphamvu ngakhale pampu itazima, choncho masulani pang'onopang'ono mutaphimba ndi nsanza. Ndipo chonde, pofufuza pamene pakudontha musamayendetse chala m'mbali mwa paipi. Kabowo kosaoneka ndi maso kamatha kuboola khungu n'kulowetsa oyilo m'thupi. Bala lake limaoneka ngati la minga chabe, koma limafuna opaleshoni mwamsanga. Ine ndimagwiritsa ntchito chidutswa cha katoni.

Kuti ndidziwe ngati wolakwa ndi valavu kapena silinda, ndinafikitsa silinda ya kumanzere pamapeto pa ulendo wake, n'kumasula paipi ya mbali imene panalibe mphamvu, paipiyo n'kuitseka kukamwa. Mnzanga atadina batani kwa kanthawi, oyilo anatuluka pa bowo la silinda lotsegukalo, osati madontho koma kuchucha. Mlandu unathera pomwepo: oyilo ankadutsa pa seal ya pisitoni kupita mbali ina. Ya kumanja inangonyowa pang'ono.

Pano ndi pamene ambiri timataya ndalama, ndipo nanenso ndikanataya. Seal ndi kanthu kakang'ono, kusintha kwake sikuvuta, ndiye munthu amangosintha n'kumanganso. Koma seal siingong'ambika yokha. Nditapukuta rodi, chitsulo chonyezimira chimene chimalowa ndi kutuluka mu silinda, ndinayendetsapo chikhadabo ndipo chinakodwa malo anayi. Tinali timaenje tating'ono ngati tobaya ndi singano. Anthu amaganiza kuti chitsulo cha stainless 316 sichidyeka, koma chitetezo chake ndi kakhungu kopyapyala kamene kamadzikonza kokha pakakhala mpweya wa okosijeni. Pamene pamata tizilombo ta zigoba, kapena pamene seal yakunja yakhala ikupana malo amodzi kwa miyezi, mpweya sufika, ndipo mchere umakumba. Kamaenje kalikonse kakamadutsa pa seal kamaipala ngati lumo, n'kutengeranso madzi ndi mchenga m'kati. Ndiwo unali ulendo wa madzi aja mpaka ku thanki, ndipo mchengawo ndi umene unamaliza seal ya pisitoni. Seal yatsopano pa rodi yotere ikanangopirira miyezi yowerengeka.

Ndinatengera masilinda onse awiri kwa akatswiri okonza za hydraulic. Ya kumanzere anaipangira rodi yatsopano, ndipo ma seal anasintha konsekonse. Kukonza imodzi yokha ndimakuona ngati kudzinamiza, poti zonse zinalowa m'madzi tsiku limodzi.

Kuchotsa masilindawo ndiye kunandidyera masiku awiri, chifukwa cha pini imodzi yokha. Inali itagwirana ndi dzanja la aluminiyamu logwira nsanja ngati anaziwotcherera. Zitsulo ziwiri zosiyanazi zikakhudzana m'madzi amchere, aluminiyamu ndiye amadyeka, ndipo ufa wake woyera umapana pini mpaka osasunthika. Oyilo wofewetsa dzimbiri, kutenthetsa dzanjalo pang'ono, kudikira, kugogoda, kudikiranso. Pobwezera ndinapaka Tef-Gel, mankhwala oletsa zitsulo kudyana ndi kugwirana, pa pini iliyonse ndi bawuti iliyonse. Pomwepo ndinaonanso chifukwa chimene zinthu zinafikira apa: ma anode a zinki, amene ntchito yawo ndi kudyeka m'malo mwa zitsulo zinazi, wina anawapaka penti pamodzi ndi pansi pa boti. Ankaoneka atsopano ndithu, poti sanagwirepo ntchito. Anode amayenera kukhudza chitsulo choyera, asapakidwe kanthu, ndipo amasinthidwa akadyeka pafupifupi theka. Loko wa kumanzere nayenso anali atauma ndi zigoba, n'chifukwa chake sankakola. Ameneyu anangofuna kupalidwa ndi girisi wosasungunuka m'madzi.

Mapaipi a m'madzi ndinasintha onse, popeza khungu lawo linali litachita ming'alu. Apa ndinadzipusitsa ndekha: ndinagula paipi imodzi ya mutu wa mtundu wa BSP pamene silinda imafuna wa mtundu wa JIC. Poyang'ana mwachangu zimafanana, koma JIC amakhala pa ngodya ya madigiri 37, BSP pa 60, ndipo mazinga ake ndi osiyana. Mwamwayi ndinamva kuti ikulimba msanga n'kusiya. Popita kukagula, nyamulani yakaleyo.

Oyilo wakale ndinakhetsa yense, thanki n'kuitsuka, kasefa ka m'kati n'kukayeretsa. Buku la makina anga limati oyilo wake akhale wa mtundu wa ISO VG 32. Makina ena amafuna ATF, oyilo wa giyabokosi ya otomatiki, ena oyilo wosawononga zamoyo za m'madzi, ndipo kusakaniza mitundu kumatha kufufumitsa ma seal. Mulingo ndinayeza marodi atalowa m'kati, pamene thanki imakhala yodzaza kwambiri, kuopa kusefukira. Kenako ndinakweza ndi kutsitsa nsanja yopanda katundu maulendo khumi mpaka kumapeto, ndikupumitsa mota pakati chifukwa siinapangidwe kuti izizungulira nthawi yaitali. Poyamba inkanjenjemera, thovu likubwerera mu thanki. Pofika ulendo wachisanu ndi chiwiri inayamba kuyenda myaa. Oyiloyo anatuwanso pang'ono ndi madzi otsalira m'mavalavu, ndiye ndinakhetsanso kachiwiri.

Boti atabwerera m'madzi ndinaimitsa nsanja pang'ono pansi pa maloko, kuti oyilo yekha aigwire, n'kumata tepi pa boti molingana ndi m'mphepete mwake mbali zonse ziwiri. Kukacha inali pa tepi pomwepo. Usiku wotsatira ndinakhazikapo kaboti n'kuyesanso, ndipo sinasunthe.